Mtsuko wa Emil Hudak

Emil Hudak anamwalira mu Malichi, matikiti a ku Las Vegas atagula kale. Munthuyu anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale ya zitsulo ku Johnstown, ndipo moyo wake wonse sanafikeko kutali kuposa ku Ohio, koma akayamba kukamba za Las Vegas mumayesa mchombo wake unagwera komweko. Ankadziwa mayina a mahotela onse, ankadziwanso makina a juga amene amalavula ndi amene amangomeza. Zonsezi anangozimva kwa anzake a kuntchito. Ulendowo unali wa mu Okutobala, wokondwerera zaka makumi anayi za banja lake ndi Dolores, koma mtima wake sunadikire.

Ali gone m'chipatala anagwira mkazi wake dzanja n'kumuuza mawu amodzi. "Dolo, ndikafa undiwotche. Phulusalo upite nalo ku Vegas ndikaone magetsi aja, ukatero ukandimwaze m'chipululu. Kumanda a paphiri paja usandiikeko, ndazizidwa mokwanira m'tauni muno."

Dolores anavomera, ndipo Dolores akavomera chinthu ndiye kuti chatha. Anagula mtsuko wamkuwa wolemera bwino n'kuuika patebulo la kuchipinda. Miyezi isanu ndi iwiri ankaupatsa moni m'mawa uliwonse, kuuuza mitengo ya zinthu kusitolo, kuudandaulira za bondo lake. Timu ya mpira imene Emil ankaikonda ikamasewera ankaunyamula kupita nawo pabalaza n'kuukhazika moyang'ana kanema. Ena ankati mayiyu zamusokonekera, koma ine ndimati aliyense amalira m'njira yake.

Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti Bernice, mlongo wake wamkulu wa Emil, anadzipereka yekha kuti amuperekeza. Bernice anali ndi zaka 74, sanakwatiwepo, ndipo Misa ya m'mawa sinayambepo iye asanakhale pabenchi lakutsogolo. Las Vegas ankaitchula kuti Sodomu. Tsono atanena kuti, "Alamu, simungapite nokha, ndigula tikiti," Dolores anagwetsa misozi. Zaka zonsezi ankayesa kuti mlamu wakeyu samukonda.

Tsiku la ulendo anafika pabwalo la ndege ku Pittsburgh dzuwa litangotuluka. Masutikesi anapereka, mtsuko n'kutsala m'chikwama chobiriwira chimene Dolores anachikumbatira pachifuwa. Pamzere wa achitetezo anachiika palamba ndi manja awiri. Chikwamacho chinalowa m'makina ounikira katundu, lamba anaima, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuimanso.

Panabwera mayi wachitetezo wojintcha, wankhope yofatsa. "Mayi, chikwama chobiriwirachi n'chanu?"

"N'changa. Munyamule bwino, muli phulusa la malemu."

Wachitetezoyo sanadzidzimuke. Pa ndege za ku Las Vegas zotere amaziona sabata iliyonse. "Pepani kwambiri ndi zovutazo. Koma mtsukowu ndi wochindikala, makina athu sakuona za m'kati. Chimene sitinachione sichikwera ndege."

"Ndiye tsegulani muone."

"Lamulo silitilola kutsegula phulusa la munthu, ngakhale mwiniwake atatipempha."

Dolores anatulutsa makalata a kumalo owotchera mitembo, okhala ndi zidindo zonse. Mayiyo anawawerenga mwaulemu n'kuwabweza. Anati njira zinalipo ziwiri: kubwerera kukautumiza pamodzi ndi masutikesi, kapena kutuluka kukakhuthulira phulusalo m'chotengera chapulasitiki chimene makina angathe kuunika.

"Amuna anga aponyedwe pansi pa ndege ngati thumba la mbatata? Zimenezo ayi," anatero Dolores.

Bernice anamukoka mkono wa juzi. "Alamu, tiyeni tingotumiza ndi masutikesi. Kapena tibwerere kunyumba. Mwina Mulungu ndiye wakana."

"Mulungu sanakane, akana ndi makina. Kontena yanu ya makeke ija ili kuti?"

Bernice anali atanyamula makeke a mtedza ophika yekha, chifukwa zakudya zogula pabwalo la ndege ankati n'kuba. Dolores anachita kumulanda kontenayo. Panali patatsala mphindi makumi asanu kuti ndege inyamuke.

Analowa m'chimbudzi chija chachikulu cha amayi a ana, n'kukhoma. Dolores anatsitsa kathebulo kosinthirapo matewera, anakhuthulira makeke papepala, anapukuta kontena ndi mpango wake mpaka kuyera, n'kukhazika mtsuko pambali. Chiikireni mtsukowo kuchipinda anali asanautsegulepo.

"Musatsegule, alamu," anatero Bernice ataima chotsamira chitseko. "Si ulemu. Munthu sakhuthulidwa m'chimbudzi."

"Emil wachita zambiri m'zimbudzi, sangadandaule. Gwirani kontenayi."

"Ndikukupemphani."

Dolores anamuyang'ana. Nkhope ya Bernice inali itayera ngati pepala, thukuta lili kamukamu pamphumi, chikhalirecho m'chipindamo munali mozizira. Dolores anangoti ndi mantha a anthu opemphera kwambiri. Anakulunga chivundikiro ndi mpango, n'kupotokola ndi mphamvu zake zonse. Chinatseguka mosavuta kuposa mmene ankayembekezera.

Phulusa la mwamuna wake analionapo kamodzi, tsiku limene anakalitenga. Linali lotuwa moyererako, m'thumba lapulasitiki lochindikala, lomangidwa pakamwa ndi kachitsulo kokhala ndi nambala. Chimene anatulutsa mumtsukomo tsopano chinali kathumba kosungira zakudya mufiriji, kofewa chifukwa chochapidwachapidwa. M'kati munali mchenga wachikasu, uja amaseweretsa ana. Pathumbapo panali malemba a inki yabuluu, ofufutika pang'ono koma owerengeka: Supu wa kabichi, Januwale.

Dolores anawerenga kawiri. Mu Johnstown yense munthu wochapa timatumba ta mufiriji n'kutiyanika pachingwe analipo mmodzi. Ndipo malemba opendekera kumanzerewo anawaona pa makadi a Khirisimasi kwa zaka makumi anayi.

Anatembenuza mtsuko n'kuugwedeza, ngati kuti mwamuna wathunthu angabisale pansi pake. Munagwa timchenga tiwiri titatu.

"Bernice." Aka kanali koyamba chikwatiwireni kumutchula dzina lopanda ulemu. "Amuna anga ali kuti?"

Bernice anatsegula pakamwa, n'kutseka, kenaka mawu anatuluka onse pamodzi. "Ali pabwino. Ali paphiri, pambali pa amayi ndi abambo. Munthu wobatizidwa samwazidwa ngati fetereza, alamu. Mpingo umakana, inunso mukudziwa. Amagona m'manda odalitsidwa kudikira tsiku lomaliza."

"Liti?"

"Pa Pasaka. Mutapita ku Cleveland kwa Paulette, mutandisiyira kiyi kuti ndizithirira maluwa."

Paulette anali mwana yekhayo wa Dolores ndi Emil. Dolores anakumbukira sabata imeneyo. Anakumbukira kuti atabwerako anapsompsona mtsukowo n'kuupepesa chifukwa chousiya wokha.

"Koma kulemera kwake sikunasinthe," anatero, ngati kuti zimenezo zingakonze kanthu.

"Ndinayeza pasikelo ya kukhitchini," Bernice anayankha chapansipansi.

Bodza lachangu Dolores akanalimvetsa, la munthu wogwidwa mwadzidzidzi. Koma anamuona m'maganizo mlamu wake ataima m'khitchini mwake, magalasi ali pamphuno, akuwonjezera mchenga ndi supuni kuti muyezo ukwane. Panja anthu ankaitanidwa pa zokuzira mawu, wina anagogoda pachitseko ndi mwana wolira. Dolores ananyamula kathumba kaja ndi zala ziwiri n'kukaponya mubini. Kanagwa ndi kaphokoso kolemera.

Musandifunse chifukwa chake anakwerabe ndegeyo. Munthu akadzidzimuka kwenikweni mutu umaima, miyendo n'kumangotsatira mzere umene ili. Anabwerera kwa achitetezo, mtsuko uli m'manja, chivundikiro chili padera. Mayi wofatsa uja anasuzumira mumtsuko, n'kusuzumira mukontena yopanda kanthu imene Bernice anagwira. Anayang'ana kumene kunali chimbudzi, n'kuyang'ananso Dolores, maso ali tong'o.

"Mayi, malemu aja mwawasiya kuti?"

"Afunseni awa," anatero Dolores, n'kudutsa.

Ndege ya ku Las Vegas siifanana ndi ndege zina. Teni koloko isanakwane anthu anali atayamba kale kuitanitsa mowa. Kumbuyo kunali gulu la amayi ovala malaya ofanana, operekeza mnzawo kukakwatiwa, ndipo ndege itangodzuka anaimba nthungululu zawo zachizungu. Dolores anakhala pawindo, mtsuko uli pamiyendo. Bernice anakhala pakati. Kumapeto kunali bambo wina wadazi amene anatseka makutu ndi zomvera nyimbo n'kugona, mwayi wake.

Maola awiri Dolores ankangoyang'ana pawindo. Anaona mitsinje ikudutsa pansi, minda yodulidwa makona anayi, mitambo. Wopereka zakumwa atamufunsa, anamuyang'ana osamva chimene akunena. M'mutu mwake munkangobwera tinthu ting'onoting'ono. Tsiku lobadwa la Emil mu Juni anagula keke n'kuyatsa kandulo patsogolo pa mchenga. Usiku wa mabingu ankaika dzanja pamtsuko kuti mtima ukhale pansi, ndipo unkakhaladi pansi. Manyazi anamugwira, otentha, ngati kuti tauni yonse inkamusuzumira pawindo miyezi yonseyi.

Ali pamwamba pa zigwa zopanda mtengo ndi umodzi womwe, analankhula osatembenuka.

"Powaika kumanda kunali ndani?"

"Ine, abambo wansembe, ndi wokumba."

"Paulette akudziwa?"

"Sadziwa."

"Wansembeyo sanafunse kuti mkazi wake ali kuti?"

"Ndinawauza kuti mwavomera, koma mtima wanu sungapirire kubwera."

"Inuyo? Kunamiza wansembe?"

"Ndinakalapa."

"Kwa yemweyo?"

"Ku parishi ina."

Tsiku lina Dolores akanaseka mpaka kugwira nthiti. Lero anangopukusa mutu. Kenaka chinthu china chinamulasa, anatembenuka thupi lonse mpaka lamba wa mpando kumukoka.

Kumapeto kwa Meyi, pa tsiku limene mabanja amapita kumanda ndi maluwa, iye ndi Bernice anakwera phiri lija kukaona manda a makolo a Emil monga ankachitira chaka chilichonse. Pambali pa mwala wa apongozi ake aakazi panali kamalo kakang'ono kotukuka, kapinga wake wosiyana ndi winayo.

"Kamalo kaja," anatero Dolores. "Munati ndi mfuko zafukula."

Bernice anayang'ana manja ake.

"Munati ndi mfuko, ine n'kukwerapo. Ndinapondaponda ndi nsapato kuti pasalale. Inu mutaima pomwepo, mutanyamula ndowa."

"Ndinafuna kukuuzani tsiku limenelo. Mawu anafika pakhosi."

"Ndinawaponda amuna anga."

Anazinena motsitsa, koma bambo wadazi uja anatsegula diso limodzi n'kulitsekanso msanga. Dolores anagwira pakamwa ndi mpango uja anapukutira kontena, fungo la mtedza lili pomwepo. Misozi sinabwere. Imene inabwera inali ya Bernice, yambiri, yotsikira m'makwinya mpaka pakolala.

"Mumati mawa tikatani?" Dolores anafunsa. "Mumati tibwereke galimoto, tipite m'chipululu, ine ndizimwaza mchenga pamchenga unzake ndikulira, inu mukundionerera?"

"Ndikanalira nanu. Ndabwera nanu chifukwa cha chimenecho, kuti ndikakhuthule ndine, thumbalo musalione."

"Ine n'kumati mwayamba kundikonda."

"Kukukondani ndimakukondani, alamu." Bernice anapukuta mphuno. "Koma Emil ndinamulera ndine. Amayi ali kufakitale ya malaya, amene ankamusambitsa ndine, kumuperekeza kusukulu ndine. Inu muli ndi Paulette, muli ndi zidzukulu. Ine ndinali ndi mlongo wanga yekhayo. Mutanena zokamumwaza sindinagone milungu itatu. Ndinkangomuona akuuluzika ndi mphepo, ankhandwe akumununkhiza. Nanga ine ndikanakamulirira pati? Ndiuzeni, pati?"

"Anapempha yekha, Bernice. Ndi pakamwa pake."

"Anali ndi mankhwala m'mutu."

"Anali bwinobwino. Anati paphiri paja tisamuikepo, wazizidwa mokwanira."

Dolores anaona kuti mawu amenewo Bernice anali asanawamvepo. Anamulowa. Mayi wokalambayo anafota pampando, n'kuyang'ana kumsana kwa mpando wakutsogolo nthawi yaitali. Dolores sanamve chisoni, komanso kukoma kumene ankayembekezera sanakumve. Ukali unalipo, wodzaza chifuwa, koma pansi pake panali chinthu china chimene chinamuopsa kwambiri. Ankadziwa tsopano pamene mwamuna wake ali. Panali malo, okhala ndi kapinga, oti munthu n'kukhalapo pansi. Ndipo mtima wake wopusawo unkafuna kupita pamenepo, osati m'chipululu.

Ndege inayamba kutsika. Kunja kunali mapiri ofiira opanda udzu, kenaka mwadzidzidzi mzinda, nyumba zazitali zonyezimira padzuwa la masana. Amayi a kumbuyo aja anakuwa n'kuwomba m'manja. Dolores, mwa chizolowezi, anakweza mtsuko kuti uone pawindo. Atazindikira chimene akuchita anaubweza pamiyendo msangamsanga.

Atangotuluka pakhomo la ndege anakumana ndi makina a juga, mizeremizere, akulira ndi kuthwanima pomwepo podikirira ndege. Anthu amene anakwera nawo anali atakhala kale pamipando, zikwama zili pakati pa miyendo, akudina mabatani. Emil sananame, zinalidi choncho. Dolores anaima pakati pa njira anthu akumulambalala. Anayang'ana zonsezo kwa kanthawi, m'malo mwa Emil, kenaka anafunsa wantchito wina kumene amagulitsira matikiti.

Bernice ankamutsatira pambuyo akutsimphina. "Alamu, masutikesi ali uku. Mukupita kuti?"

"Kunyumba."

"Lero lomwe? Nanga hotela?"

"Mukagonemo inu. Masiku anayi. Mukawalalikire."

"Ine ndekha muno?" Bernice anayang'ana makina aja ndi mantha enieni. Kenaka mantha ena aakulu anamugwira, anathamangira kutsogolo n'kumutsekera njira. "Mukufuna kukamufukula."

Dolores anaima. Funso limenelo anali akudzifunsa yekha kuyambira pamwamba pa mapiri. Mwa lamulo akanatha, mkazi wake anali iye. Akanatha kulemba makalata, kuitana wokumba yemwe uja, kugula chotengera chapulasitiki, n'kubweranso ulendo womwewu. Lonjezo linali lonjezo.

"Sindikudziwa," anayankha. "Mwina ndikawafukula, mwina ayi. Ndikayamba ndawafunsa eni ake. Koma inu simudzamva kwa ine tsiku lake, ngati mmene ine sindinamvere kwa inu."

"Ndimapitako Lachitatu lililonse," anatero Bernice. "Sanakhale yekha. Ndimamuuza za inu."

"Miyezi isanu ndi umodzi mwawayendera nokha. Tsopano mudikire, ndidzakuuzani ine tsiku loti mupiteko."

Bernice anapatuka. Anatsala ataima pambali pa makina amene ankaimba kanyimbo kachisangalalo, kontena yopanda kanthu ili m'manja, nkhalamba yaing'ono yovala juzi yaubweya m'dziko lotentha. Dolores sanacheuke, chifukwa ankadziwa kuti akacheuka abwerera kukamutenga.

Pamalo ogulitsira matikiti panali bambo wa tsitsi la imvi. Anatenga chiphaso chake, anadina pakompyuta, n'kukweza nsidze.

"Ilipo ya thuu koloko, yodzera ku Chicago. Koma mayi Hudak, pano pakuonetsa kuti mwangotsika kumene, ola silinathe." Anamwetulira mwachifundo. "Mwaiwala chinachake kunyumba?"

Dolores anaika mtsuko wopanda kanthu pakauntala kuti apeze kachikwama ka ndalama. Apa ndi pamene misozi inabwera, yonse ya tsikulo nthawi imodzi, mpaka bamboyo anasiya kudina.

"Eya," anatero. "Ndasiya amuna anga. Ndipatseni mpando uliwonse umene ulipo."